Mukafika pa Tanki, Tsikani

Mwezi watha mkulu wanga amene akhala ku Kitwe anatumiza uthenga m'gulu lathu la banja pa WhatsApp. Anati kwapezeka munthu wofuna kugula nyumba ya ku Chelstone, aigwetse, amangepo mafulati anayi. Anatchula ndi mtengo womwe. Sindiulemba pano, koma ndi ndalama imene mphunzitsi ngati ine sangaigwire pamodzi m'manja ngakhale atagwira choko mpaka imvi. Mlongo wanga anayankha msanga ndi kachithunzi ka manja owomba. Mng'ono wathu analemba kuti, "Manje tiyembekeza chani?" Ine ndinawerenga, ndinabweza foni m'thumba, ndi kulowa m'kalasi. Amai sali m'gululo. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo ndiwo akhala m'nyumbayo.

Tsiku limenelo ndinali kuphunzitsa za Angoni, mmene Zwangendaba anawolokera Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Ana anga chaka chimenecho achidziwa pamtima chifukwa chimabwera pa mayeso. Nditatha ndinawafunsa funso limene silili m'buku: nyumba zimene mumagonamo zinamangidwa liti, ndipo anamangira yani? Kalasi yonse inati zii. Mnyamata wina wa kumbuyo anati, "Sir, ija si History, ni nyumba chabe." Sindinamudzudzule. Nanenso ndili pa msinkhu wake ndinali kuganiza kuti mbiri imachitika kutali, kwa mafumu ndi ankhondo, osati pa khonde lopaka polishi yofiira pamene amai anali kutikhazika kuti tisankhe nyemba.

Tiyambe ndi nthaka. Kum'mawa konse kwa Lusaka, mpaka ku Chongwe ndi kupitirira, ndi dziko la Asoli, anthu a Nkomeshya. Dzina la mzinda lenilenilo lichokera kwa nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wake unali cha ku Manda Hill. Njanji inafika mu 1905, ndipo kwa zaka zambiri Lusaka inali kasiteshoni ka fumbi kotumikira alimi achizungu. Mu 1931 boma la atsamunda linaitana Profesa Stanley Adshead wa ku London kuti ajambule likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linachoka ku Livingstone kubwera kuno. Maganizo amene anatsatira anali a ku England, a munthu wotchedwa Ebenezer Howard, amene anayambitsa tauni ya Letchworth mu 1903: nyumba iliyonse ikhale ndi bwalo lake, mitengo m'mbali mwa mseu, mphepo yabwino. Kwawoko anafuna kupulumutsa anthu anchito ku utsi ndi kuthithikana kwa m'mizinda ya mafakitale. Maganizowo atafika kuno anasankha khungu. Mabwalo ndi mitengo zinapita ku Ridgeway, ku Rhodes Park, pambuyo pake ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Munthu wakuda anali kuwerengedwa ngati mlendo wodzagwira nchito, woyenda ndi chitupa, woyenera kubwerera kumudzi nchito ikatha.

Mukafuna kuona nyumba imene anamukonzera munthu ameneyo, pitani ku Kabwata Cultural Village kumene agulitsa ziboliboli. Tinyumba tozungulira tija ta udzu, chipinda chimodzi chabe, ndi totsala pa tambirimbiri timene tinali pamenepo. Anamangira mwamuna wobwera yekha, wopanda mkazi ndi ana. Lamulo la mu 1948 ndilo linavomereza kuti wanchito wakuda akhale m'tauni ndi banja lake, ndipo pambuyo pake kunamangidwa Matero ndi Chilenje, kumene kuli nyumba nambala 394 imene Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962. Amene analibe nyumba ya kunchito anali kumanga zisakasa pa malo a azungu ndi a makampani omanga, ndiye chifukwa chake makomboni ena ali ndi maina ngati George, John Laing ndi John Howard.

Chelstone inabwera mochedwa m'nkhaniyi. Dzinalo ndi lachizungu ndithu. M'mapepala akale mupeza alemba Chelston, popanda e kumapeto, monga mmene alembera dera lina la m'tauni ya Torquay ku England. Inali kutali ndi tauni, makilomita opitirira khumi, pakati pa mafamu. Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964 chitupa chinatha mphamvu, anthu anakhamukira ku likulu, ndipo boma latsopano linafunika nyumba za akalaliki, aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi amakanika ake. Mbali ya kum'mawa inali kukula: yunivesite inatsegulidwa mu 1966, bwalo lalikulu la ndeke mu 1967, koleji ya zaulimi ya NRDC inali pafupi, chipatala cha Chainama chinalipo kale. Mu 1970 malire a mzinda anakulitsidwa kuchoka pa masikweya kilomita 93 kufika pa 360, ndipo madera akutali ngati athu analowa m'manja mwa khonsolo ya Lusaka. Tinganene kuti Chelstone ndi kumene munthu wakuda wa malipiro apakati analawako munda uja wa Howard: bwalo lochepa, koma lake.

Atate anachokera ku Katete ndi satifiketi ya Fomu 3 ndi sutukesi ya malata. Anapeza nchito yosunga katundu m'kampani ina ya boma, ndipo atayembekeza zaka zingapo pa mndandanda anapatsidwa nyumba ya khonsolo ya lendi. Ine ndinabadwira m'menemo mu 1987, wachitatu mwa ana anayi. Zipinda zogona ziwiri, denga la asibesitasi, khichini yoti anthu awiri akaimamo wachitatu ayembekeze panja. Mpanda unali wa nkhadze, wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Kutsogolo mtengo wa mango, kumbali gwafa ndi kotapela, kumbuyo kadimba ka repu ndi chiwawa ndi khola la nkhuku. Pa pepala inali nyumba ya banja limodzi. M'moyo weniweni sindikumbukira chaka chimene tinali asanu ndi mmodzi chabe. Great East Road ndiyo njira yochokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba, ndipo Chelstone ndi khomo lolowera mu Lusaka kwa aliyense wochokera kumeneko. Malangizo amene atate anali kulemba m'makalata opita kumudzi anali amodzimodzi: mukafika pa tanki, tsikani, mufunse. Tanki yamadzi yaitali ija inali adiresi yathu tonse. Anali kutsika ndi thumba la nshawa, nkhuku yomangidwa miyendo, ndi mwana woti akhale nafe "mpaka apeze sukulu". Nthawi ina tinakwana khumi ndi mmodzi. Anyamata tinali kugona pabalaza, m'mawa ndi kupinda mphasa alendo asanadzuke.

Tinali anthu apakati, ndipo tinali kuchidziwa. Ana a ku Kamanga, tikakumana nawo pa mpira, anali kutitcha a kumayadi chifukwa tinali ndi pompi m'nyumba ndi chimbudzi chogejemula. Koma tsiku limene ndinaperekeza azakhali ku Kabulonga, kumene anali kugwira nchito ya m'nyumba, ndinaimitsidwa pa geti ndi galu wamkulu kuposa ine, ndipo mwana wa m'nyumbamo anafunsa azakhali m'Chingelezi ngati ndachokera kukomboni. Pobwerera ndinawafunsa kuti kodi ife ndife a kuti. Anaseka, anati, "Ndinu a pa tanki."

Za masewera ndingalembe buku, koma inu a mafoni mungatope. Mpira wathu unali chimpombwa, mapulasitiki okulungidwa ndi kumangidwa ndi mphira kapena chingwe cha thumba, ndipo amene anali kudziwa kumanga cholimba anali kusewera ngakhale akhale wopanda luso. Bwalo linali malo opanda nyumba kumapeto kwa mseu wathu, magoli ake miyala iwiri. Atsikana anali ndi waida, gemu ndi chiyato. Madzulo tonse pamodzi chidunu, mpaka mai wina aitane mwana wake ndi liwu lija lotanthauza kuti nsima yapsa ndipo mkwapulo uli pafupi. Mamotoka a waya tinali kupanga tokha, mawilo ake zitini za polishi, chiwongolero chotalika mpaka pachifuwa. Mvula yoyamba ikagwa tinali pa nyali ya mseu ndi mabeseni kugwira inswa. M'nyengo yozizira, anthu atakolola m'minda imene inali kuseri kwa nyumba zomaliza, ife ana a kum'mawa tinali kupita kukakumba mbewa, anzathu Achibemba ali pambuyo kutiseka, ife ndi kuwabwezera za anyani. Pamapeto pake anali kudya nawo. Pa mseu wathu panali Atonga, Alozi, Abemba, Atumbuka, Akaonde, ndi banja lina lochokera ku Zimbabwe. M'nyumba aliyense anali kulankhula chakwawo. Panja tinali kulankhula Chinyanja chija chimene ambuya anali kuti ndi chosweka, cha manje, maningi ndi vinthu. Lero ndikamva anthu akukangana ngati chimenecho ndi chilankhulo chenicheni, ndimakumbukira kuti chinapangidwa ndi ana opanda nsapato ofuna kugwirizana ngati mpira walowa kapena sunalowe.

Chinthu chimene Chelstone inali nacho, chimene Matero ndi Chilenje analibe, chinali mseu wa ku bwalo la ndeke. Aliyense wamkulu wobwera m'dziko muno anali kudutsa pakhomo pathu. Amai amasimba za Papa John Paul II mu Meyi 1989, ndi za Nelson Mandela amene anafika ku Lusaka kumapeto kwa Febuluwale 1990, patangopita milungu iwiri chitulukire m'ndende. Amati anandibereka kumbuyo popita kumseu, choncho ndinganene kuti ndinalipo, ngakhale kuti mwina ndinali m'tulo.

Chimene ndikumbukira ndi maso anga ndi cha 1993. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Usiku wa pa 27 Epulo ndeke ya asilikali imene inanyamula timu ya dziko, popita kukasewera ndi Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera mpira. Kalusha Bwalya sanali m'ndekemo chifukwa anali kudzachokera ku Netherlands kumene anali kusewera. Ine za Gabon sindinali kudziwa kuti ndi kuti. Ndinangoona atate atakhala pa khonde ndi wailesi pa mwendo, osapita kunchito, osalankhula. Mitembo itafika, Chelstone yonse inapita kumseu. Mkulu wanga anandinyamula pa mapewa. Magalimoto anali kuyenda pang'onopang'ono, mabokosi okutidwa ndi mbendera, limodzi pambuyo pa linzake, ndipo ndinayamba kuwerenga monga mmene anatiphunzitsira kusukulu mpaka ndinasokonezeka. Sindinamvepo kulira kwa anthu ambiri chotero, amuna akuluakulu akulira poyera. Anakaikidwa kunja kwa Independence Stadium. Kwa milungu ingapo pa bwalo lathu panalibe wofuna kutenga maina a akufawo, pamene kale tinali kumenyanirana. Kenako mmodzi anayamba, ndipo tinabwerera.

Imfa ina inali kubwera mwakachetechete, ya nchito. Akulu anga amakumbukira mizere ya m'masiku a Kaunda, ya shuga, saladi ndi sopo, makuponi a unga a 1989, ndi chipolowe cha mu Juni 1990 mtengo wa unga utakwera. Ine ndikumbukira nsima yachikasu ya m'chilala cha 1992, fungo lake limene ambuya anali kuti ndi la chakudya cha nkhuku. Frederick Chiluba ndi MMD atapambana masankho a pa 31 Okutobala 1991, mizere inatha. Masitolo anadzala, salaula inafika pa msika, ndipo kwa nthawi yoyamba tinavala majekete olembedwa maina a matimu a ku America. Koma makampani a boma, amene anali msana wa Chelstone, anayamba kugulitsidwa ndi kutsekedwa. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994. Anthu ake ambiri anali kukhala kwathu kuno, moti mpaka lero pali chigawo cha Chelstone chimene chimatchedwa ndi dzina la kampaniyo, ngakhale ana obadwira m'menemo sanaonepo ndeke yake. Mabasi a UBZ anatsatira mu 1995. Chaka chomwecho kampani ya atate nayo inachepetsa anchito, ndipo ana a Giredi 3 tinaphunzira liwu lakuti retrenchment tisanadziwe kulilemba.

Zimene zinasintha poyamba zinali zazing'ono. Buledi unachoka pa tebulo. Tiyi wa mkaka anasanduka zigolo, madzi ozizira a shuga. Sitovu ya magetsi inapumula, mbaula ndi kulowa m'khichini. Amuna amene tinali kuwaona m'mawa atavala tayi tinayamba kuwapeza masana pansi pa mtengo akusewera nsolo. Amai anakhoma kantemba pa mpanda: tomato, kapenta wa pa mulu, saladi wa m'tibotolo, vitumbuwa, ndi timapaketi ta unga tija totchedwa pamela, tokwana nsima ya usiku umodzi. Analowa chilimba ndi amai ena asanu. Kunena zoona, kuyambira 1995 amene anadyetsa mseu wathu anali akazi, ngakhale kuti m'mabuku a za chuma cha nthawiyo simupezamo kantemba.

Mu 1996 Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo ndi za boma zigulitsidwe kwa anthu okhalamo, pa mitengo yotsitsidwa kwambiri. Pano ndiyenera kulankhula ndi pakamwa pawiri. Monga mphunzitsi wa History ndidziwa zimene otsutsa ananena, ndipo zambiri zinali zoona: chinali chaka cha masankho, makhonsolo anataya lendi imene inali ndalama yawo yodalirika, ndipo kuchokera pamenepo kumanga nyumba za anthu wamba kunatsala m'manja mwa munthu aliyense payekha. Amene anali kale m'nyumba anapata. Amene anali kukomboni, kapena anali asanabadwe ngati inu, sanapate kanthu, ndipo ndinu amene lero mulipira theka la malipiro anu kwa mwininyumba. Koma monga mwana wa m'nyumba ija, ndidziwanso kuti pepala limenelo ndilo linatipulumutsa.

Sizinali zapafupi. Atate anali ndi kandalama kotsala ka kunchito, ndipo anzawo anali kuwauza kuti agule minibasi yakale, pakuti minibasi imabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku pamene nyumba siidyedwa. Makolo anga sanali okangana pamaso pa ana, koma makoma a nyumba ya khonsolo sasunga chinsinsi. Ndinamva amai usiku akuti, "Atate ake, minibasi ikagwa m'ngalande tidzagona m'matayala?" Atate anakalipira nyumba. Kalata yake amai anaikulunga m'pulasitiki ndi kuiika pansi pa sutukesi ya malata ija.

Atate anamwalira mu 1999, atadwala nthawi yaitali. Masiku amenewo pa maliro sanali kutchula dzina la matenda; anali kungoti "anadwala nthawi yaitali", ndipo aliyense anali kumva. Kaunda anali atauza dziko mu 1987 kuti mwana wake anafa ndi AIDS, koma kulimba mtima kumeneko sikunafike msanga m'misewu yathu. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma cha m'ma 2005, mochedwa kwa atate ndi kwa ambiri a msinkhu wawo. Panali nyengo imene pa mseu wathu tenti ya maliro inali kungochoka pa nyumba ina kupita pa ina. Amuna panja mozungulira moto, akazi m'nyumba pa mphasa, mipando itatulutsidwa, Abemba akupaka unga Angoni ndi Achewa monga mwa chimbuya kuti anthu asekeko pang'ono, kenako lole yopita ku Chingwere. Ana tinazolowera moti tinali kudziwa nyimbo zonse za maliro za mipingo yonse.

Tsiku lotsatira kuika maliro kunali msonkhano wa banja. Abale a atate anabwera kuchokera kumudzi ndi ku Copperbelt. Mwambo wathu wa Chichewa umati ana ndi a kwa mai, ndipo chuma cha mwamuna chimayang'ana kwa abale ake ndi ana a alongo ake. Kumudzi mwambowo unali ndi nzeru yake, pakuti mkazi ndi ana anali kukhala pa nthaka ya kwawo kwa mkaziyo, ndipo malume anali kuwasamala. M'tauni munalibe nthaka ya kwa mai. Munali nyumba imodzi chabe, ndi masofa. Ananyamula masofa, TV, bedi, masuti a atate, ngakhale mapoto aakulu. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chimene ndinakwanitsa ndi kutenga wailesi ija ndi kuibisa m'thumba la malasha kuseri kwa khola. Kenako atate aang'ono anafunsa za mapepala a nyumba.

Amai anali atakhala pansi pa mphasa, atafunda chitenje kumutu, monga mmene mkazi wamasiye ayenera kukhalira, osayankha. Amene anayankha anali aneba. Amai a Chigwirizano a ku tchalitchi kwathu anadzaza khonde osachoka. Bambo wina wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, wapolisi wopuma, Mlozi wosalankhulalankhula, analowa ndi kupempha mwaulemu kuti anenepo mawu. Anawauza za lamulo la mu 1989 la chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo: magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi, 20 a makolo a womwalirayo, 10 a ena amene anali kuwasunga, ndipo nyumba ndi ya mkazi ndi ana, mkaziyo akhalemo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Anawonjeza kuti ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndi kuti iye angawaperekeze onse m'mawa kuti akamve bwino. Palibe anafuna kuperekezedwa. Katundu anapita, nyumba inatsala. Kwa chaka chathunthu tinali kukhala pa mipando ya m'khichini ndi pa zidebe, tikumvera wailesi yonunkha malasha. Atate aang'onowo anamwalira kalekale, ndipo ana awo timayenderana. Mmodzi anakhalako kwathu zaka ziwiri pamene anali pa koleji. Naye anatsikira pa tanki.

Pa 21 Juni 2001 dzuwa linada masana, cha m'ma 15 koloko, kwa mphindi zitatu ndi pang'ono. Alendo ochokera kumaiko akutali anadzaza mseu wa ku bwalo la ndeke ndi magalasi awo a pepala. Ife tinali asanu ndi awiri pa galasi limodzi. Nkhuku za amai zinalowa m'khola zokha, kunazizira mwadzidzidzi, ndipo ambuya anakana kutuluka m'nyumba. Ndikaphunzitsa za Zwangendaba ndimawauza ana za nkhuku zimenezo, ndipo ndi pokhapo pamene amandikhulupirira kuti mdima wa 1835 unali weniweni.

Chelstone imene muidziwa inu inayamba m'zaka zimenezo. Anthu atakhala eninyumba, ndipo umbava utachuluka, nkhadze zinadulidwa ndi kumangidwa mipanda ya mabuloko, pamwamba mabotolo osweka, pambuyo pake waya wa magetsi. Kale amai anali kubwereka mchere podutsitsa dzanja pa mpanda. Tsopano uyenera kugogoda pa geti ndi mwala. Aliyense anayamba kumanga kumbuyo. Pano sindingaloze chala munthu, chifukwa pamene panali kadimba ka repu amai anamangapo zipinda ziwiri za lendi, buloko imodzi imodzi kuchokera m'chilimba, ndipo lendi imeneyo ndiyo inandithandiza kumaliza digiri yanga pa UNZA. Bwalo lathu la chimpombwa linadulidwa mapuloti; amene anagawa ndi amene anagula onse ali ndi nkhani zawo, koma ana a pa mseu uja lero amasewera pakati pa magalimoto. Minda ya mbewa ndi nyumba zokhazokha, ndipo chigawo china chatsopano anachitcha Obama. Kalembera wa 2000 anapeza anthu opitirira pang'ono miliyoni imodzi mu Lusaka; wa 2010, 1.7 miliyoni, wa 2022, 2.2 miliyoni. Anthu onsewo ayenera kugona penapake. Vuto ndi lakuti mapaipi ndi ngalande zinapangidwira banja limodzi pa puloti, osati mabanja asanu, ndipo mzinda uno wakhala pa miyala ya laimu yodutsa madzi mosavuta, pamene chitsime cha uyu chili pafupi ndi dzenje la chimbudzi cha uyo. Kolera ya 2017 ndi 2018, imene inachedwetsa kutsegulira masukulu, inatikumbutsa zimenezo tonse, a kumayadi ndi a kukomboni.

Ndinaimanso pa mseu uja pa 13 Febuluwale 2012. Usiku wa dzulo lake Chipolopolo inali itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate, 8 kwa 7, mu Libreville momwemo, pafupi ndi nyanja imene inameza anzawo. Chikho chinadutsa njira imene mabokosi anadutsa. Mkulu wanga anali pambali panga, ndipo pa mapewa pake panali mwana wake. Sitinauzane kanthu za 1993. Anangondigwira pa phewa mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa.

Ndiye mkulu wanga yemweyo ndi amene afuna kuti tigulitse, ndipo si munthu wadyera. Ali ndi ana atatu, nchito yake ndi ya kontrakiti, denga la nyumbayo likudontha, ndipo akuti ndalamayo ingagulire amai kanyumba katsopano ku Chongwe ndi kutsalako yoti aliyense ayambire. Masamu ake ndi olondola. Ine ndemwe ndikhala m'nyumba ya lendi ku Kabwata, pafupi ndi tinyumba ta udzu tija, ndipo gawo langa lingandigulire puloti.

Sondo yatha ndinakwera minibasi, kondakitala akukuwa "Chelstone pa tanki, umozi chabe!" pamene mipando inayi inali yopanda anthu. Ndinapeza amai pa khonde akusankha nyemba. Ndinazungulirazungulira ndi nkhani za kusukulu mpaka anandidula.

"Aphunzitsi, nenani chimene mwadzera. Za ogula nyumba?"

"Mwamva kale, amai?"

"Anabwera Lachitatu, awiri, ndi tepi yopimira. Ndinawapatsa madzi akumwa. Anapima mpaka ku khola. Wina anati mtengo wa mangowu udzayamba kuchoka chifukwa uli pa malo oimika magalimoto."

"Nanga inu munati chiyani?"

"Ndinati apime bwino, asalakwitse. Kupima sikugula." Anataya kamwala kunja kwa lichero. "Uwauze abale ako kuti pepala lili m'sutukesi momwe lija. Tsiku limene mudzanditulutsa muno ndi miyendo kutsogolo, mudzalitenge, mugawane mwamtendere, musadzachite ngati aja. Koma ndikali kupuma, ine ku Chongwe ndikadziwa yani? Akadzabwera a ku Katete adzatsikira pati?"

Ndinawauza kuti masiku ano a ku Katete ali ndi mafoni, ndipo ambiri amapitirira mpaka ku Intercity. Anandiyang'ana ngati ndalakwa mayeso.

"Kwera pa denga," anatero. "Nthambi ija ya mango ikukhuza asibesitasi, ndipo mvula ili pafupi. Chikwanje chili kuseri kwa chitseko."

Ndinavula nsapato za kunchito ndi kukwera. Kuchokera pamwamba ndinaona madenga a malata othithikana mpaka kumene kunali minda, madishi a TV, matanki apulasitiki obiriwira pa nsanja zawo, ndi ndeke ikutsika chakum'mawa. Foni inalira m'thumba kawiri. Anali mkulu wanga, akufunsa ngati ndalankhula nawo. Amai anali pansi, dzanja pa chipumi, akundilozera nthambi yoti ndidule ndi yoti ndisiye chifukwa ili ndi maluwa.